Mphepo za ku nyanja yamcere ndi mbiri yathu

Ife a ku Tsangano ndi ku Makanga tikhala pamwamba, kumapiri. Nyanja yamcere iri kutali, makilomita oposa 300 kucokera kwathu. Ambiri a ife tinabadwa, takula mpaka kumera imvi osaona funde la nyanjayo. Koma mphepo zake tizidziwa bwino. M'mwezi wa Juni ndi Julayi kuomba mwera, wozizira wolowa m'mafupa, ndipo masiku ena ubwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza ija timati ciperoni. Dzinja likayandikira mphepo itembenuka, kuomba mpoto. Ngakhale mau akuti kumpoto ndi kumwera tinawatenga ku maina a mphepo ziwirizi.

Mphepo zimenezi ndi zazikuru kuposa dziko lathu. Ziomba pa nyanja yonse ya India, kucokera ku gombe la Afrika mpaka ku dziko la Amwenye. Zitembenuka motere. Dziko la Asia likatentha, mpweya wa pamtunda ukwera kumwamba, ndipo mphepo ya panyanja ithamangira kumeneko kukatseka malo. Ndiye kucokera mu Epulo mpaka mu Seputembala mphepo icoka kumwera, nipita ca ku India. Asia akazizira zinthu zibwerera, ndipo kucokera mu Novembala mpaka mu Malici mphepo icoka ku India ndi ku Arabia, nibwera kuno. Aluya anaicha nyengo imeneyi mausim, Apwitikizi anatengera pomwepo nati monção.

Kale zombo zinalibe makina. Zinali kuyenda ndi matanga, nsalu zazikuru zokola mphepo. Wamalonda wa ku India anali kudikira mphepo ya kumpoto kuti imubweretse ku Afrika. Akafika anali kugulitsa katundu wake, nakhala miyezi kudikira ya kumwera kuti imubwezere kwao. Ulendo umodzi, caka cimodzi. Mwarabu wina wolemba mabuku, Al-Masudi, anayenda pa nyanjayi ca m'ma 916, ndipo analemba za dziko la Sofala ndi golide wake. Zombo za Aluya sizinali kukonda kupitirira kwambiri kumwera kwa Sofala, cifukwa kumeneko madzi akokera kumwera ndi mphamvu, ndipo mphepo yobwerera nayo ndi yosadalirika. Malo ena pafupi ndi Inhambane mpaka lero dzina lake ndi Cabo das Correntes, ndiye kuti ndomo ya madzi okoka.

Apwitikizi anaphunzira mphepozi ndi misozi. Vasco da Gama anafika pa mtsinje wa Quelimane mu Januwale 1498, pa Cisumbu ca Moçambique mu Malici, ndipo ku Malindi mu Epulo. Kumeneko anapeza munthu wodziwa nyanja amene anamutsogolera, ndipo anaoloka kupita ku India masiku 23 okha, mphepo iri kumbuyo. Pobwerera sanafune kudikira nyengo. Ulendo womwewo unamutengera miyezi itatu. Madzi akumwa anacepa, amalinyero anatupa nkhama ndi miyendo, ndipo anthu ngati 30 anafera panyanja. M'zaka zotsatira, zombo za ku Lisboa zikafika mocedwa, mphepo itapita, zinali kugona miyezi yambiri pa Cisumbu ca Moçambique, anthu ali kutha ndi malungo.

Nanga zonsezi zitikhudza bwanji ife a kumapiri?

Katundu wa m'zombo sanali kuthera pagombe. Anali kulowa pa Quelimane, nakwera Zambezi m'mabwato mpaka ku Sena ndi ku Tete, kumene Apwitikizi anakhazikika m'zaka za m'ma 1530. Kucokera ku Tete anali kuyenda pamutu pa anthu, kulowa m'maiko a Amaravi, a Kalonga ndi a Undi, makolo athu. Anali nsalu za ku Gujarat, mikanda yagalasi, kenaka mfuti ndi wonga. Kupita kunyanja kunali kutsika minyanga ya njobvu, golide ndi makasu a citsulo osula kwathu konkuno. Ku Mankhamba, mudzi wa Kalonga m'dziko la Malawi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza m'nthaka mikanda ya kutsidya kwa nyanja ndi zidutswa za mbale za ku China. Mbale yopangidwa ku China kudzasweka pakhomo pa mfumu ya Amaravi! Inabwera ndi mphepo.

Motero nyengo ya panyanja inali kulamulira mtengo wa zinthu kumudzi. Zombo za ku India zikacedwa kapena kumira, nsalu inali kusowa ku Tete, ndipo mlenje wa njobvu anali kusunga minyanga yake kufikira caka camawa. Tisaiwalenso kuti kufikira 1752 Apwitikizi a ku Moçambique anali pansi pa bwanamkubwa wa ku Goa, ku India. Kalata ya lamulo inali kudikira mphepo, yankho lake nalo linali kudikira mphepo. Pakatipa eni mapurazo a m'Zambezi anali kucita zimene afuna, ndi asilikali ao aja timati Acikunda.

Mphepo yomweyo inabweretsa munthu amene anasintha mbiri ya Makanga. Ca m'ma 1760 kunafika Gonçalo Caetano Pereira, wocokera ku Goa. Anthu anamupatsa dzina lakuti Dombo-Dombo. Iye anali kukumba golide ndi kucita malonda kumpoto kwa Tete, m'dziko la Undi. Mwana wake Manuel anayenda ndi amalonda a Cibisa mpaka kwa Kazembe mu 1796, ndipo mu 1798 anaperekeza Francisco de Lacerda, amene anafera pafupi ndi mudzi wa Kazembeyo. A banja la Pereira anakwatira kuno, anatenga maina a kuno, nasanduka mafumu. Ufumu wa Undi uli kufooka, wao unali kukula. M'zaka za m'ma 1840 anamenyana ndi Apwitikizi a ku Tete, ndipo Makanga anakhala dziko lodzilamulira kufikira 1902, pamene atsamunda analigonjetsa.

Tiyenera kunena zoona zonse. Mafumu a Makanga analimbana ndi atsamunda, inde, koma mphamvu yao inali m'mfuti, ndipo mfuti zinali kugulidwa ndi minyanga ndi anthu. Midzi yambiri ya Acewa inatenthedwa kuti zombo zidzaze. Kuyambira zaka za m'ma 1700 Afalansa anali kufuna akapolo olima nzimbe pa zisumbu za Mauritius ndi Réunion. Pambuyo pake kunabwera zombo za ku Brasil, ndipo Quelimane linasanduka dooko lalikuru la malonda onyansawa. Munthu wogwidwa kumtunda anali kuyenda masabata ambiri, goli liri m'khosi. Tsiku loyamba kuona nyanja linali tsiku lotsiriza kuona dziko lake.

Ena mafunde anawameza asanafike. Pa 3 Disembala 1794 combo ca São José cinanyamuka pa Cisumbu ca Moçambique ndi akapolo oposa 500, ulendo wa ku Maranhão ku Brasil. Pa 27 Disembala mphepo ndi mafunde zinaciponya pa miyala pafupi ndi Cape Town. Amalinyero onse anapulumuka. Akapolo oposa 200 anamira, ndipo otsalawo anagulitsidwa komweko. Mu 2015 akatswiri analengeza kuti apeza zotsala za comboco pansi pa madzi, pamodzi ndi zitsulo zolemera zimene zinaikidwamo kuti cisapendeke ndi katundu wake wa anthu.

Zombo zija zinabweretsanso mbeu. Cimanga, cinangwa, mtedza ndi fodya kwao ndi ku America. Makolo akale anali kudya nsima ya mapira ndi mawere. Lero fodya wa ku Furancungo ndi mbatata ya kacewere ya ku Tsangano tiziyesa zathu, ndipo ndi zathudi, pakuti tazikhetsera thukuta, koma makolo a mbeuzi anaoloka nyanja.

Sitima za moto zitabwera m'zaka za m'ma 1800, wamalonda analeka kufunsa mphepo. Mlimi sanaleke. Mvula yambiri imene igwa m'minda mwathu ndi madzi a nyanja ya India, amene dzuwa liwakweza kumwamba ndipo mphepo iwatengera kumtunda. Mitambo ikagunda mapiri athu ikwera, izizira, nigwetsa mvula. Ndico cifukwa cake kwathu kuli msipu pamene ku Tete, kucigwa, nthaka iri gwa.

Nyanja yomweyo ibala anamondwe. Namondwe abadwa pamene madzi a pamwamba atentha kupitirira madigiri 26, makamaka pakati pa Novembala ndi Epulo. Mpweya wonyowa ukwera, uyamba kuzungulira, ndipo pakati pake patsala malo a bata amene amati diso. Funde likula ndi zinthu zitatu: mphamvu ya mphepo, nthawi imene yaomba, ndi kutalika kwa madzi amene yadutsapo. Pa gombe la Sofala nyanja ndi yosaya, tsono madzi okankhidwa ndi namondwe asowa kopita, nakwera pamtunda. Mu Malici 2019 namondwe Idai anasakaza Beira, ndipo m'dziko lathu lokha anafa anthu oposa 600.

Kumtunda kuno namondwe afika mphepo itacepa, koma ali ndi mvula yosaneneka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana analowa ca ku Angoche. Mvula yake inagwa pa mapiri athu, mtsinje wa Revubwe unasefukira, ndipo mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Madzi amene anathyola mlathowo anayamba ngati timitsinje ta m'madimba mwathu. Mu 2023 kunabwera Freddy. Anabadwira pafupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, naoloka nyanja yonse, nakhala moyo masabata oposa asanu. Analowa m'dziko lathu kawiri, kaciwiriko pa Quelimane pa 11 Malici, ndipo kwa abale athu a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mapiri anagumuka, nakwirira midzi.

Amalinyero akale anali kuwerenga nyengo poyang'ana mitambo, nyenyezi ndi maonekedwe a madzi. Lero makina a m'mlengalenga aona namondwe akali masiku ambiri kutali ndi gombe. Amene apereka cenjezo kwa ife ndi a INAM, nthambi ya boma yoona za nyengo, ndipo mau ao atifika pa wailesi ndi pa foni. Iwonso agwira nchito pamodzi ndi malo akuru olondera anamondwe a cigawo cino ca nyanja. Malowo ali pa cisumbu ca Réunion, komwe kuja anali kupita nao abale athu kukalima nzimbe.