Mbewa zosamva ndi mitima yoima mwadzidzidzi

M'chaka cha 1957, madokotala awiri a ku Norway, Anton Jervell ndi Fred Lange-Nielsen, analemba za banja lina la ana asanu ndi mmodzi. Anayi mwa anawo anabadwa osamva, ankakomokakomoka, ndipo atatu anamwalira mwadzidzidzi asanakwanitse zaka 10. Makina a ECG anasonyeza kuti mtima ukagunda, unkachedwa kukonzekera kugunda kotsatira. Lero vutoli limatchedwa long QT. Koma khutu ndi mtima zimakumana pati? Panthawiyo panalibe wodziwa.

Panapita zaka pafupifupi 40. Mu 1995 ndi 1996, gulu la Mark Keating ku yunivesite ya Utah linapeza majini atatu, tizigawo ta DNA tomwe mwana amatengera kwa makolo, oyambitsa matendawa. Majiniwa ndiwo amapanga timakomo todutsira potaziyamu ndi sodiyamu m'maselo a mtima, ndipo kudutsako n'kumene kumabweretsa mphamvu yamagetsi yogunditsa mtima.

Popeza sungayesere zotere pa mwana wa munthu, akatswiri anatembenukira ku mbewa. Mu 2001, ofufuza a ku America anachotsa m'mbewa jini imodzi mwa atatuwo, yotchedwa Kcnq1. Mbewazo zinakhala zosamva, zinkayenda mozungulirazungulira, ndipo m'kati mwa makutu munali mutafwapa chifukwa chosowa madzi a potaziyamu. Khomo lomwe lija la mumtima limagwiranso ntchito m'khutu. Kusamva kwa ana a ku Norway kunaoneka chiyambi chake.

Pa nkhani ya imfa, mbewa sinanene zonse. Mtima wake umagunda ka 600 pa mphindi, pamene wa munthu umagunda ka 70, ndipo sudalira kwenikweni khomo limeneli. N'chifukwa chake mu 2008 ofufuza a ku Brown University anasintha majini a akalulu, omwe mtima wawo umafananako ndi wathu.

Komabe mbewa zinapulumutsa anthu. Pali matenda ena achibadwa otchedwa CPVT, omwe amasokoneza mtima munthu akathamanga kapena akakwiya. Mu 2009, gulu la Björn Knollmann ku Vanderbilt linaona kuti mankhwala akale a flecainide akuletsa vutoli m'mbewa. Atawapereka kwa odwala awiri, anathandizanso, ndipo madokotala akuwagwiritsa ntchito mpaka pano.

Funso lomwe latsala likuonekera kuno kummwera kwa Africa. Paul Brink wa ku yunivesite ya Stellenbosch anatsata mabanja a ku South Africa a jini yolakwika ya KCNQ1, yochokera kwa makolo amodzi a m'zaka za m'ma 1700. Jini ndi imodzimodzi, koma wina amagwa ali mwana, mbale wake n'kukalamba osakomokapo. Mbewa za mu labotale n'zofanana ngati mapasa, choncho sizionetsa bwino kusiyana kotere. Apa dokotala amafunsabe monga anafunsira Jervell: kwanu anamwalirapo ndani ali wamng'ono, ndipo ankachita chiyani pa nthawiyo?