Ng'ombe zikadya chimanga, alipire ndani?

Madzulo ena m'chaka cha 1960, akatswiri a zachuma pafupifupi 20, kuphatikizapo Milton Friedman ndi George Stigler, anakumana kunyumba kwa Aaron Director ku Chicago kuti apanikize mlendo wawo ndi mafunso. Mlendoyo anali Ronald Coase, Mngelezi wophunzitsa pa yunivesite ya Virginia. Poyamba onse ankamutsutsa, koma pobalalika anali atagonja.

Mfundo yakeyo anailemba chaka chomwecho m'nkhani yotchedwa The Problem of Social Cost, ndipo chitsanzo chake ngakhale wakumudzi kwathu kuno angachimve: ng'ombe za woweta zalowa m'munda mwa mnzake. Chiyambire 1920, ophunzira ankatsata Arthur Pigou, yemwe ankati wowononga azikhomeredwa msonkho basi. Coase anati ayi, vutoli lili mbali zonse. Mukaletsa ng'ombe mwapweteka woweta, mukazilekerera mwapweteka mlimi. Awiriwa atati akambirane mosavuta, angamange mpanda ngati mtengo wake uchepera chimanga chowonongekacho, kaya lamulo lili kumbali ya ndani. Lamulo limangonena amene apise m'thumba.

Anafukulanso mlandu wa ku London wa 1879, wa Sturges ndi Bridgman. Wophika maswiti anakhala akusinja m'mitondo yake zaka zambiri popanda wodandaula, mpaka dokotala woyandikana naye anamanga chipinda choyezeramo odwala chogundana ndi khitchini. Minsi ikamagunda, dokotala sankatha kumvetsera m'chifuwa cha wodwala. Khoti linakomera dokotala. Coase anati nkhani sinayenere kuthera pamenepo: maswiti akanakhala opindulitsa kwambiri, mwiniwake akanamulipira dokotalayo kuti mitondo ipitirire.

Ambiri anamumva molakwika, ngati akunena kuti malamulo alibe ntchito. Chimene ankatsindika n'chakuti kukambirana kumadya ndalama ndi nthawi. Utsi wa fakitale ukavutitsa mzinda wonse, ndani angasonkhanitse anthu onsewo kuti akagwirizane mtengo? Pamenepo woweruza akalakwitsa, palibe wokonza.

Maphunziro ounika malamulo ndi nzeru za zachuma anakula msanga. Guido Calabresi anatulutsa buku la ngozi ndi chipukuta misozi mu 1970, Richard Posner lake lokhudza nthambi zonse za malamulo mu 1973, ndipo Coase analandira mphoto ya Nobel mu 1991. Chaka chomwecho Robert Ellickson anafalitsa zimene anapeza atapita kwa oweta enieni ku Shasta County, California: ambiri sankalidziwa bwino lamulo, ankangokonza nkhani zawo mwachinansi, wa ng'ombe n'kupepesa ndi kulipira.

Ine ndikuona kuti kuwerengera kotereku kumathandiza woweruza kuona zotsatira za chigamulo chake, koma sikokwanira. Kumayeza chinthu ndi ndalama zimene munthu angatulutse, pamene mlimi amene nkhokwe yake ili pululu alibe choti n'kulipira woweta kuti ng'ombe zisiye kumudyera chimanga. Ameneyo akufunika lamulo limuteteze asanafike pokambirana.