Kodi zikalata za malo athu zimagona kuti?

Mkangano wa malo ukabuka m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja, kaya ndi wa dimba, doko la asodzi kapena bwalo la mzikiti, funso limene limatontholetsa anthu masiku ano ndi lakuti: chikalata chili kuti? Agogo athu akanadabwa nalo funso limeneli. Kwa iwo umboni wa malo unali mlambe wa pamalire, manda a makolo, ndi akuluakulu amene anaona mfumu ikuyenda ndi mlendo kumulozera poyambira ndi polekezera. Pepala linabwera pambuyo, ndipo linabwera ndi eni ake. Wofuna kulipeza lero ayenera kudziwa amene analilemba, chimene analilembera, ndi kumene analisiya.

Kulemba pakokha sikunayambe ndi Azungu kuno kunyanja. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira anali ndi alembi olemba Chiswahili m'zilembo za Chiarabu. Koma makalata awo ankakamba za malonda ndi ubale wa mafumu. Nthaka sinali katundu woti munthu n'kuilemba m'dzina lake. Maganizo amenewo anafika ndi Harry Johnston, amene anachita pangano ndi Jumbe mu 1889, nakhala mkulu wa boma la atsamunda pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Britain mu 1891.

Johnston anapeza Azungu a makampani, a minda ndi a mishoni akunena kuti anagula kale malo kwa mafumu, ena ndi nsalu, mikanda, onga ndi mfuti. Kuyambira mu 1892 anayamba kuunika zonenazo, ndipo amene anamukhutiritsa anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Malo onse amene analowa m'zikalatazi anapitirira maekala 3.7 miliyoni, pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse a nthaka ya dziko lino. Maekala 2.7 miliyoni mwa amenewa anali kumpoto, m'boma la North Nyasa, m'manja mwa British South Africa Company. Ambiri otsalawo anali nthaka yachonde ya kumapiri a Shire, kumene Eugene Sharrer, John Buchanan ndi kampani ya African Lakes anatenga zigawo zikuluzikulu. Kaundula wa malo m'dziko muno anayambira pamenepo, ndipo mayina oyamba kulowamo sanali a eni nthaka.

M'zikalata zambiri munali ndime yakuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Pakamwa ndimeyi inali yokoma, koma panalibe amene anayenda kukalemba midziyo kapena kupima minda yake. Mu 1903 nkhaniyi inafika kukhoti, pa mlandu wa pakati pa woyang'anira nkhani za anthu akuda ndi kampani ya Blantyre and East Africa. Woweruza Nunan anagamula kuti anthu amene anapezeka pamalopo anali otetezedwa ndi ndimeyo. Nanga patapita zaka, ndani akanasiyanitsa mbadwa ndi wobwera, popeza anthu ankasamutsa minda nthaka ikaguga, ndipo Alomwe ambiri anali kulowa kuchokera ku Mozambique? Eni esiteti anali ndi pepala, anthu a m'midzi anali ndi pakamwa pokha. Thangata anakula m'mpata umenewo, ndipo mkwiyo wake unaphulika ku Magomero mu 1915.

Malo ambiri a m'mbali mwa nyanja sanalowe m'zikalata za Johnston. Anatsala kwa mafumu, ndipo mu 1936 boma linawatcha Native Trust Land. Uwu unali mwayi, koma mwayi wokhala ndi mbola yake: banja la ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota lofufuza mbiri ya malo ake silidzapeza chikalata cha umwini cha nthawi imeneyo, chifukwa sichinalembedwe n'komwe. Chimene lingapeze ndi mapazi a makolo ake m'zolemba za ntchito zina. Ma DC ankasunga mabuku otchedwa District Notebooks, mmene ankalembamo mibadwo ya mafumu, mayina a midzi ndi mikangano ya malire. Ankalemba zimene womasulira wawauza, ndipo womasulirayo anali ndi abale ake. Choncho mabukuwa ndi owerenga mosamala. Komabe nthawi zina ndi mokhamo mmene mungapezeke kuti mudzi wakutiwakuti unali kale pamalo pake isanayambe nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Msonkho wa nyumba nawo unasiya mayina. Ndipo kuyambira mu 1933, pamene lamulo linakhazikitsa mabwalo a mafumu ovomerezeka ndi boma, akalaliki a mabwalowo anayamba kulemba milandu ya minda, chuma cha masiye ndi maukwati.

Si zonse zimene zinapulumuka. Mu 1919 moto unatentha likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zinasanduka phulusa. N'chifukwa chake ofufuza mbiri ya nthawi ya Jumbe, Mponda ndi Makanjira amadalira kwambiri makalata amene anatumizidwa ku London, omwe lero ali ku Kew, m'nyumba yosungira zolemba zakale za boma la Britain. Kumeneko kulinso mafayilo amene atsamunda ananyamula mwakachetechete pochoka m'maiko amene ankawalamulira, kuphatikizapo Nyasaland. Boma la Britain linavomera mu 2011 kuti linali nawo. Kuno kwathu nkhokwe ya zolemba inatsegulidwa ku Zomba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, ndipo ndiyo lero ili National Archives of Malawi. Zimene sizinafike kumeneko, zotsalira m'makabati a m'maboma ndi m'nyumba za akalaliki, zambiri zinagawanidwa pakati pa chiswe ndi madenga odontha.

Ufulu utabwera, lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka patatu: ya boma, ya munthu payekha, ndi ya mafumu. Mu 1967 kunabwera Registered Land Act, lamulo lakuti malo azipimidwa, kupatsidwa nambala ndi kulowa m'kaundula. Kumidzi linayesedwa kwenikweni kumadzulo kwa Lilongwe kokha, kumene malo ankalembedwa m'dzina la banja. Kunyanja kuno pepala linalowa pa khomo lina, la lizi. Wofuna esiteti ya fodya, hotela kapena nyumba yopumulirako pagombe ankapeza chivomerezo cha mfumu, nduna n'kumupatsa lizi, malowo n'kuchoka m'gulu la malo a mafumu. Madoko ena amene asodzi ankakokerapo makoka ndi kuyanikapo usipa anatchingidwa ndi mipanda mwa njira imeneyi. M'mene ine ndikuonera, mafayilo a malizi amenewa ndiwo ofunika kwambiri kwa anthu a kunyanja kuposa zikalata zonse za Johnston, chifukwa m'menemo ndi mmene muyenera kupezeka mapu a wopima malo, kukula kwa malowo, zaka za lizi, ndi dzina la mfumu imene inavomereza. Mudzi umene ukuganiza kuti mpanda wadutsa malire sufunika kuyamba ndi zikwanje. Uyambe wafunsa fayilo ku ofesi ya zamalo ya chigawo chake, ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, kumene munthu amalipira ndalama yofufuzira n'kuuzidwa chimene chili m'kaundula.

Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, ndiwo anatsegula njira yoti banja la kumudzi lilembetse malo a makolo ake kudzera m'komiti ya malo ya kwa gulupu, ndi kulandira chiphaso. Ntchitoyi ikuyenda pang'onopang'ono, koma pamene yafika, dzina limene lalembedwa ndilo lidzalankhule mawa. Izi zikukhudzanso malo a mizikiti, madrasa ndi manda, amene ambiri anaperekedwa pakamwa ndi mfumu kapena munthu wachifundo amene anatisiya kalekale. Zidzukulu zake sizinamve mawu amene iye ananena tsiku limenelo.

Kwa zaka zambiri kuona fayilo ya boma kunali chisomo cha kalaliki. Ndime 37 ya malamulo aakulu a dziko a 1994 inati munthu ali ndi ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, koma lamulo loyendetsa ufuluwo, Access to Information Act, linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Tsopano ofesi ya boma iyenera kukhala ndi munthu wolandira mapempho otere, ndipo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamuloli. Zigamulo za milandu zimafunsidwa ku kaundula wa khoti limene linazenga mlanduwo, kaya ndi la majisitireti paboma kapena khoti lalikulu ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba.

Pempho lolembedwa limayenda kuposa la pakamwa, ndipo wopempha asunge kope lake lodindidwa. Nambala ndiyo kiyi: ya puloti, ya chikalata, ya mlandu pamodzi ndi chaka chake. Ku Zomba nako kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa mafayilo akale sadziwa mayina a lero. Mangochi imapezeka pa Fort Johnston kapena South Nyasa, Nkhotakota pa Kota Kota kapena Marimba, Machinga pa Kasupe, ndipo za Salima zakalekale zili m'mafayilo a Dowa. Balaka inapatuka ku Machinga mu 1998, choncho zolemba zake zakale zili kumene inachokera. Mayina a anthu nawo akalaliki ankawalemba monga anamvera khutu lawo: munthu mmodzi yemweyo angakhale Saidi m'buku la msonkho, Sayidi pa bwalo la mfumu, ndi Saide ngati anadzera ku Mozambique. Wopita kukafufuza atenge dzina la agogo, la atate awo, la mwinimbumba, ndi la nyakwawa imene inali pampando nthawi imeneyo.