Chigamulo cha ku Johannesburg ndi Chuma cha Masiye

Pa 1 December 2005, bwalo lalikulu la malamulo ku Johannesburg, mwa woweruza Albie Sachs, linagamula kuti amuna okhaokha kapena akazi okhaokha angathe kukwatirana. Lamulo lake linakhazikitsidwa pa 30 November 2006, ngakhale silikakamiza mbusa kudalitsa ukwati wotere. Kwa okalamba amene anakhalira limodzi zaka zambiri, nkhani yaikulu inali ya chuma cha masiye. Mwezi womwewo, pa mlandu wa Gory, bwalolo linalamula kuti wotsalayo alandire chuma cha mnzake amene anamwalira osalemba wilo. Mpingo wa Dutch Reformed, umene unatumiza amishoni ku Nkhoma, unalola maukwatiwa mu 2015 ndi kubweza mawu mu 2016. Koma bwalo la ku Pretoria linafafaniza kubwezako mu 2019.