Mapulogalamu a kompyuta odzikonza okha

Pulogalamu yodzikonza yokha ndi imene, manambala amene yasunga akasokonezeka mwa njira ina iliyonse, imabwereranso m'chimake popanda munthu kuizimitsa ndi kuiyatsanso. Maganizowa anabwera ndi Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands, m'nkhani ya masamba awiri okha imene inatuluka mu 1974 m'magazini ya Communications of the ACM.

Dijkstra anapereka chitsanzo cha makompyuta olumikizidwa mozungulira, opanda ina yolamulira zinzake. Chilolezo chogwira ntchito chiyenera kukhala ndi kompyuta imodzi panthawi, n'kumapita kwa ina motsatana ngati chipereganyu. Koma manambala osungidwa akasokonekera, mwina chifukwa magetsi anathima mwadzidzidzi, makompyuta atatu kapena anayi akhoza kupezeka ndi chilolezo nthawi imodzi.

Yankho la Dijkstra ndi lalifupi modabwitsa. Kompyuta iliyonse imasunga nambala ndipo imangoyang'ana ya kompyuta ya kumanzere kwake. Manambalawo akasiyana, ndiye kuti chilolezo chili ndi iyo, ndipo ikamaliza ntchito imakopera nambala ya inzakeyo. Kompyuta imodzi yokha ndiyo ili ndi lamulo lotembenuza: iyo imalandira chilolezo manambala akafanana, kenako imawonjezera 1 pa nambala yake, n'kuyambiranso pa 0 ikafika kumapeto. Malinga manambala ololedwa achuluke kuposa makompyutawo, zilolezo zachinyengo zija zimatha chimodzichimodzi mpaka kutsala chimodzi, kaya chisokonezo chinayamba bwanji.

Akatswiri amayeza pulogalamu yotere pa zinthu ziwiri: kuti ifike pabwino kuchokera paliponse, komanso kuti ikafikapo isachokepo yokha.

Kwa zaka pafupifupi khumi nkhani ya Dijkstra ija sinatchuke kwenikweni, mpaka pamene katswiri wina, Leslie Lamport, anaiyamikira pamsonkhano wa akatswiri mu 1983. Mu 2002 inalandira mphoto imene chaka chotsatira anaitcha dzina la Dijkstra, mwiniwakeyo atamwalira. Buku lodziwika pa phunziroli ndi la Shlomi Dolev, lomwe linasindikizidwa mu 2000.

Mzimu womwewu umaoneka mu pulogalamu ya Kubernetes, imene Google inatulutsa mu 2014: nthawi zonse imayerekeza zimene zikuchitika ndi zimene ziyenera kuchitika, n'kukonza pamene pasiyana.

Chofooka cha njira yodzikonzayi n'chakuti pulogalamu ikamachira imatha kupereka mayankho olakwika, ndipo pa ntchito monga kusamutsa ndalama kubanki kanthawi kameneko n'kokwanira kuwononga zinthu. Komanso njirayi imakonza manambala osungidwa okha. Malamulo a pulogalamuyo akalembedwa molakwika, pamafunikabe munthu woti awakonze.