Zaka 50 chichokereni ku Edgbaston: kiriketi ya Zambia inaima pati?

Wailesi ya kanema ya m'golosale ku Petauke ikaonetsa anthu akumenya kampira kakang'ono ndi thabwa, sipalephera wina wonena kuti, "Sinthani iyo, ndi masewero a amwenye ndi azungu, ife a Zambia sitinafikeko kumeneko." Mawu omwewa mungawamve ku Nyimba pakati pa anyamata odikira mabasi a ku Lusaka pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi. Zoti masewerowa anakhala nthawi yaitali m'manja mwa anthu ochepa n'zoona. Koma zoti Zambia sinafikeko n'zabodza, ndipo popeza mu 2025 zinakwana zaka 50 chiseweredwere chikho choyamba cha dziko lonse cha kiriketi, ino ndi nthawi yabwino yokonza bodza limeneli.

Pa 7 June 1975, pa bwalo la Edgbaston mumzinda wa Birmingham, timu yotchedwa East Africa inakumana ndi New Zealand. Osewera ake anachokera ku Kenya, Uganda, Tanzania ndi Zambia, ndipo kaputeni anali Harilal Shah wa ku Kenya. A ku Zambia pa ulendowo analipo Parbhu Nana, woponya ndi dzanja lamanzere, Yunus Badat, ndi Hamish McLeod amene ankawakha mpira kumbuyo kwa timitengo. Zinthu sizinayende. Glenn Turner wa New Zealand anamenya ma run 171 yekha osatuluka, timu yake inafika 309, East Africa inathera pa 128. Pa 11 June ku Headingley, India inawagonjetsa popanda kutaya womenya ndi mmodzi yemwe. Pa 14 June England inapanga 290, iwo n'kugwa onse pa 94. Anabwerera opanda chipambano, koma anali m'gulu la matimu asanu ndi atatu okha amene anasewera chikhocho, pamodzi ndi West Indies yomwe inachitenga.

Masewerowa analowa mu Northern Rhodesia ndi atsamunda. Anakhazikika m'makalabu a m'maboma ndi a m'migodi, ku Livingstone, Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Luanshya, motsata njanji. Kuno kummawa, amalonda ochokera ku Gujarat anayamba kufika ku Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo masitolo awo anafalikira mpaka ku Katete, Lundazi ndi Petauke. Kiriketi ankaidziwa kuchokera kwawo. Koma anthu anali ogawidwa malinga ndi khungu: mzungu kalabu yake, mmwenye yake, mwana wa m'mudzi kunja kwa mpanda. Ufulu wa 1964 unachotsa zikwangwani za tsankho, koma ndalama yolowera m'kalabu, mtengo wa zida ndi mtunda wopita ku tawuni zinapitiriza ntchito yomweyo mwakachetechete.

Mu 1968 Zambia inalowa mu mpikisano wa mayiko a kummawa kwa Africa, umene unkachitika pakati pa Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo njira ya ku Edgbaston inayambira pamenepo. Chaka chomwecho malamulo atsopano a zamalonda anachepetsa malo amene anthu osakhala nzika ankaloledwa kugulitsa, ndipo mabanja ena anasamuka. Kenaka, pakati pa zaka za m'ma 1970, mtengo wa kopa unagwa. Makalabu amene ankadalira migodi anayamba kusowa wotchetcha udzu ndi wothirira bwalo. Chaka chimene osewera athu anafika pamwamba kwambiri ndi chomwenso pansi pawo panayamba kugumuka.

Mu 1975 East Africa inachita kuitanidwa. Kuyambira 1979 mayiko ang'onoang'ono anayenera kudzigulira malo mu mpikisano wa ICC Trophy, wa bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse la ICC, ndipo woyamba, womwe unachitikira ku England, unapititsa Sri Lanka ndi Canada. East Africa inayesa chaka chimenecho, inayesanso mu 1982 ndi 1986, osadutsa. Kenya, yomwe inali msana wa timuyo, inaima payokha mu 1981. Mu 1989 gululo linasintha dzina n'kukhala East and Central Africa, Malawi ili momwemo, ndipo linasewera ku Netherlands mu 1990, ku Nairobi mu 1994, ku Kuala Lumpur mu 1997 ndi ku Toronto mu 2001. Ulendo uliwonse linkabwerera chimanjamanja. Pa zaka zomwezo Zimbabwe inatenga ICC Trophy katatu kotsatizana, mu 1982, 1986 ndi 1990. Kenya inagonjetsa West Indies ku Pune mu 1996, ndipo mu 2003, mphunzitsi wake ali Sandeep Patil wa ku India, inafika m'ndime ya matimu anayi omaliza ya chikho cha dziko lonse.

Timu ya mayiko angapo inali yovuta kuiphunzitsa. Osewera ankakhala motalikirana makilomita mazanamazana, aliyense ali ndi ntchito kapena sitolo yake, n'kumakumana mpikisano utayandikira. Mphunzitsi wotero amangosankha mayina, kuphunzitsa kwenikweni palibe. Uganda inachoka mu 1998, Tanzania mu 2001, ndipo mu 2003 Zambia ndi Malawi zinakhala mamembala a ICC payekhapayekha. Kwa kanthawi zinaoneka ngati zikuyenda. Mu 2010 Zambia inapita ku Kuwait ku gawo lachisanu ndi chitatu la World Cricket League ndipo inathera pa nambala 4 mwa matimu asanu ndi atatu.

Nkhani yopweteka kwambiri inachitikira pa misonkhano, osati pa bwalo. Mu April 2018 ICC inagamula kuti kuyambira pa 1 January 2019, masewero aliwonse a T20 pakati pa matimu a amuna a mayiko omwe ndi mamembala adzakhala ovomerezeka mokwanira ngati a dziko ndi dziko. T20 ndi mtundu waufupi umene timu iliyonse imaponyeredwa mipira 120 ndipo zonse zimatha m'maola atatu. Kwa mayiko osauka chinali chitseko chachikulu, chifukwa timu iliyonse inkatha kulowa pa mndandanda wa dziko lonse ndi kuyamba ulendo wopita ku chikho kuchokera ku mipikisano ya m'dera. Patangopita miyezi isanu ndi umodzi, mu July 2019, pa msonkhano wa ku London, Zambia inaimitsidwa chifukwa chosakwaniritsa zofunika za umembala. Zimbabwe inaimitsidwanso pa msonkhano womwewo pa zifukwa zina, ndipo malo ake pa mpikisano wodzigulira malo wa ku United Arab Emirates anapita kwa Nigeria, koma pofika October inali itabwezeretsedwa. Zambia sinabwerere. Mu July 2021 umembala wake unathetsedwa.

Zofunika za umembala si zachilendo: bungwe limodzi lodziwika loyendetsa masewero, zisankho motsata malamulo ake, mabuku a ndalama oti munthu wapadera n'kuwawerengera, mipikisano ya m'dziko, ndi pulogalamu ya ana ndi atsikana. Dziko likaimitsidwa thandizo la ndalama limaima, ndipo matimu onse, a amuna, a amayi ndi a achinyamata, saloledwa m'mipikisano. Wosewera amene anali ndi zaka 19 mu 2019 anafika zaka 25 asanavale yunifolomu ya dziko lake pa mpikisano wa ICC. M'masewero, zaka zimenezo ndi zomwe munthu amakhwima. Ndikuona kuti gwero lake ndi matenda odziwika m'mabungwe a masewero ang'onoang'ono: anthu ochepa odziwana, mipando yokanganirana, ndi kusowa kwa khamu loti n'kufunsa mafunso. Mpira wa miyendo utati uimitsidwe, mawailesi a ku Petauke angadzaze ndi mafoni a anthu olusa tsiku lomwelo. Kiriketi inachotsedwa kwa zaka zisanu ndi chimodzi anthu ambiri osadziwa n'komwe, chifukwa panalibe mwana wawo amene anataya kanthu.

Pamene ife tinali kunja, anzathu ankayenda. Mu November 2019 Malawi inalandira Mozambique pa Kwacha Cup ku Lilongwe ndi ku Blantyre, n'kupambana. Rwanda, yomwe inalowa ICC chaka chimodzimodzi ndi ife, inatsegula bwalo la Gahanga mu 2017, ndipo mu 2023 atsikana ake osapitirira zaka 19 anagonjetsa Zimbabwe ndi West Indies pa chikho cha dziko lonse ku South Africa. Mu November 2023 ku Windhoek, Uganda inagonjetsa Zimbabwe n'kudzigulira malo ku chikho cha T20 pamodzi ndi Namibia. Mphunzitsi wa Zimbabwe, Dave Houghton, anatula pansi udindo mwezi wotsatira. Timu ikagwa maso onse amapita kwa mphunzitsi, koma phunziro la ku Windhoek lili kwina: Uganda inakhala zaka zambiri ikuyika kiriketi m'masukulu. Mu June 2024 ku Guyana, Frank Nsubuga, ali ndi zaka 43, anaponya mipira 24 kwa Papua New Guinea, n'kupereka ma run anayi okha ndi kutulutsa anthu awiri. Munthu wotero sapangidwa ndi mphunzitsi wa miyezi itatu.

Mu September 2024 ku Dar es Salaam, Malawi inadutsa ndime ya m'dera ya mpikisano wodzigulira malo ku chikho cha T20 pamodzi ndi Tanzania, ndipo chaka chotsatira inasewera ndime yomaliza ya Africa ku Harare, kumene Zimbabwe ndi Namibia zinatenga malo awiri a chikho cha 2026. Kuchokera ku Petauke, Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, ndipo osewera ngati Gift Kansonkho amayankhula chinenero chomwe ana athu amamva.

Mu July 2025, pa msonkhano wa ku Singapore, Zambia inalandiridwanso pamodzi ndi Timor-Leste, mamembala a ICC n'kukwana 110. Ndakondwa nazo kwambiri, koma mantha anga ndi akuti ntchito yonse idzathera m'mabwalo a ku Lusaka ndi ku Copperbelt monga kale. Kuyamba sikufuna zambiri. Malo oponyerapo mpira ndi aatali mamita 20 okha, ndipo akhoza kukwana pakati pa bwalo la sukulu ya pulaimale lomwe kale lili ndi magolo a mitengo ya bulugamu. Mpira weniweni wachikopa ndi wolimba komanso wodula, koma ana a ku Pakistan amakulunga mpira wa tenesi ndi tepi ya magetsi, ndipo oponya awo othamanga ambiri anayambira pamenepo. Kalipentala wa pa msika wa Nyimba angathe kusema thabwa lomenyera. Chosowa ndi mphunzitsi wa pasukulu amene waphunzitsidwa malamulo, ndi mpikisano wa masukulu a boma limodzi ndi linzake, Nyimba ndi Petauke, umene osankha timu ya dziko angabwere kudzaonerera. Kiriketi ya T20 idzaseweredwa pa Olympics ya ku Los Angeles mu 2028, ya amuna ndi ya amayi, ndipo Zambia iyenera kuyambira pansi penipeni pa mipikisano ya m'dera, kumene Malawi inadutsa kale.