Wachibale Akapezeka ndi Khansa ya Prostate: Uthenga kwa Osamalira Odwala ku Kariakoo

Bambo anu, amuna anu kapena achimwene anu akapezeka ndi khansa ya prostate muli kuno ku Dar es Salaam, funso loyamba kukufikani mumtima n'lakuti: kodi atsala ndi nthawi yotalika bwanji? Dokotala akapanda kutchula chiwerengero cha miyezi kapena zaka, musaganize kuti akukubisirani. Nthendayi imayenda mosiyana kwambiri. Mwa abambo ambiri imakula pang'onopang'ono, moti ena amakalamba nayo n'kudzamwalira ndi matenda ena. Mwa ena imafulumira kufalikira ku mafupa a msana ndi a m'chiuno.

Prostate ndi kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo. Pa Chiswahili khansa yake amati saratani ya tezi dume. Mawu amenewa muwasunge, pakuti mudzawamva ku chipatala cha Muhimbili, chomwe sichili kutali ndi Kariakoo, ndi ku Ocean Road Cancer Institute, kumene kuli chithandizo chowotcha khansa ndi makina.

Zimene dokotala angathe kukuuzani

Funsani zinthu zitatu, ndipo muzilembe. Choyamba ndi PSA, muyeso wa m'magazi. Ukakwera si umboni wa khansa pawokha, chifukwa kutupa wamba kwa prostate nakonso kumaukweza. Chotsimikiza ndi kachidutswa ka mnofu kopimidwa ku labotale. Chachiwiri ndi nambala ya Gleason, yoyambira 6 kufika 10: 6 ndi khansa yofatsa, 9 ndi 10 ndi yaukali. Chachitatu: kodi yafalikira kunja kwa prostate?

Ikakhala isanafalikire, opaleshoni kapena kuwotcha kungathe kuichiza, ndipo yofatsa kwambiri nthawi zina amangoiyang'anira. Ikafalikira, sichizika, koma imagwirika. Khansayi imakula ndi mphamvu ya testosterone, choncho madokotala amaitsitsa ndi jekeseni wa mwezi uliwonse kapena wa miyezi itatu iliyonse, apo ayi amachita opaleshoni yochotsa ziwalo zopanga mbewu ya abambo. Ambiri amapeza bwino kwa nthawi yaitali, ngakhale kuti khansayo ingadzasiye kumvera. Wodwala angamve kutentha thupi mwadzidzidzi, kufooka ndi kuchepa kwa chilakolako cha m'banja. Izi abambo ambiri sazinena kwa ana awo. Apatseni mpata wolankhula ndi dokotala paokha, ndipo ngati Chiswahili chikuwavuta, womasulira asankhe okha.

Musadikire mawa

Thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo mkodzo ukatsekeka, kapena msana ukamapweteka kwambiri pamodzi ndi dzanzi, kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kudzigwira. Pamenepo n'kutheka kuti khansa ikupanikiza mitsempha ya mumsana, ndipo kuchedwa kumalumalitsa.

Ululu usapiriridwe. Morphine woperekedwa ndi dokotala samatanthauza kuti imfa yayandikira. Koma mankhwala a tezi dume otsatsidwa m'misewu sachiza khansa. Amangodya mpamba wa bizinesi umene ukanalipira jekeseni.

Kukhala kuno kapena kubwerera kumudzi

Nkhani imeneyi imagawanitsa mabanja, ndipo kawirikawiri imakambidwa pa foni mwini wake ali chigonere m'chipinda china. Afunseni. Munthu wodziwa za matenda ake amakonza za ana, za ngongole ndi za munda mwa kufuna kwake. Akasankha kubwerera ku Malawi, musanadutse pa Songwe tengani zotsatira za kachidutswa kaja, manambala onse a PSA, tsiku la jekeseni wotsatira ndi kalata ya dokotala yofotokoza za mankhwala amene mwanyamula, kuti ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth asakayambirenso pachiyambi.

Inunso musasenze nokha. Gawanani masiku a kuchipatala, wina atsale pa katundu. Ndipo uzani abale ake aamuna ndi ana ake aamuna kuti chiopsezo chawo n'chokwera. Akafika zaka 45 akakambirane ndi dokotala za kuyezetsa PSA.